Mafunso ndi Mayankho: Kuonera mbalame ku Delta Park, Johannesburg

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa abale athu okhala ku Johannesburg, ndipo pafupifupi onse akufunsa za malo amodzi, Delta Park ndi madamu ake. Tasankha mafunso amene mayankho ake angathandize aliyense wofuna kuonera mbalame pa damu la m'tauni.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ku Blairgowrie ndipo ndimamva anthu akutchula malo osungirako mbalame ku Delta Park. Ndi malo otani, nanga polowa amalipiritsa? (Bambo wa ku Randburg)

YANKHO: Bambo, malowa ali pakhomo panu penipeni. Delta Park ili kumpoto kwa mzinda, pakati pa Blairgowrie, Victory Park ndi Craighall Park, m'mbali mwa mtsinje wa Braamfontein Spruit. Kukula kwake kumaposa mahekitala 100. Imayang'aniridwa ndi Johannesburg City Parks and Zoo ndipo kulowa m'pakiyi n'kwaulere. Kale pamalopa padali poyeretsera zonyansa za m'zimbudzi za mumzinda. Padamangidwa m'zaka za m'ma 1930, n'kudzatsekedwa mu 1963. Chinyumba chachikulu cha nthawi imeneyo chikadalipo, ndipo lero ndi Delta Environmental Centre, kophunzitsirako za chilengedwe. Njira yosavuta kwa wobwera koyamba ndi msewu wa Road No. 3 ku Victory Park, umene umakafikitsa pa chinyumbachi.

M'kati mwa pakiyi muli madamu atatu ondondozana, lakumtunda, lapakati ndi lakumunsi. Mulinso kachigawo kotchingidwa ndi mpanda kotchedwa Florence Bloom Bird Sanctuary, komwe kuli madzi, bango, mitengo yothithikana ndi tinyumba tiwiri tobisalamo poonera mbalame. Mitundu ya mbalame imene idalembedwapo m'pakiyi imaposa 200, koma chiwerengerochi chisakupusitseni. Ndi cha zaka zambirimbiri, ndipo zina mwa mbalamezo zidangodutsa kamodzi. Wongoyamba kumene akazindikira mitundu 15 kapena 20 m'mawa umodzi, wagwira ntchito.

FUNSO: Ndidapitako Loweruka cha m'ma 11 koloko. Ndidangoona agalu, anthu a njinga ndi zimbalame zaphokoso zija amati hadeda. Zinazo zimabisala kuti? (Mayi wa ku Cosmo City)

YANKHO: Mayi, mudasankha tsiku lovuta ndi ola lovutanso. Mbalame zing'onozing'ono zimagona ndi njala usiku wonse, choncho maola awiri kapena atatu oyamba dzuwa likatuluka zimakhala kalikiliki kufuna chakudya, ndipo zazimuna zimaimba kulengeza malire a malo awo. Dzuwa likakwera zimalowa m'mithunzi n'kukhala duu. Ku Johannesburg dzuwa limatuluka cha m'ma 5:10 mu December ndi cha m'ma 6:55 kumapeto kwa June. M'chilimwe cha kumeneko muzifika isanakwane 6 koloko. M'nyengo yozizira musavutike kulawirira kwambiri, pakuti mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 ndipo udzu umadzuka uli mbuu ndi chisanu. Mbalame nazo zimayamba zaothera dzuwa pamwamba pa mitengo, ndipo m'pamene zimaoneka bwino, cha m'ma 7:30.

Za Loweruka: sabata iliyonse 8 koloko m'mawa pamakhala gulu la othamanga makilomita 5 la parkrun, limene lidayamba pamalopa mu 2011, ndipo lidali loyamba mu South Africa monse. Anthu amakhala piringupiringu. Ngati tsiku lanu lopuma ndi Loweruka lokha, yambani ndi malo a udzu ndi madamu a poyera kudakali zii, kenako anthu akamachuluka mulowe kumpanda kuja, komwe agalu saloledwa.

Chinanso chimene ambiri saganizira ndi kumene dzuwa lili. Mukaima moyang'anizana nalo, mbalame iliyonse imaoneka yakuda bii. M'mawa imani chakum'mawa kwa damu, dzuwa likhale kumsana kwanu. Miyezi yabwino koposa ndi October mpaka March, pamene mbalame zochokera kutali zafika ndipo zakomweko zavala nthenga zoberekera. Koma m'miyezi yomweyi mvula ya mphezi imakonda kubwera masana kapena chakumadzulo, ndipo mphezi za ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, si zamasewera. Mukamva kugunda, chokani pa damu ndi pansi pa mitengo italiitali.

FUNSO: Ndidagula bainokyula pamsika, yolembedwa 20x50. Wogulitsa adati ndi yamphamvu kwambiri. Koma chithunzi chimanjenjemera, mbalame sindiipeza, ndipo pakatha mphindi zochepa mutu umandiwawa. Vuto ndi maso anga? (Mnyamata wa ku Diepsloot)

YANKHO: Achimwene, maso anu alibe mlandu. Nambala yoyamba, 20, ikutanthauza kuti chinthu chimaoneka chachikulu ka 20. Koma kunjenjemera kwa manja anu nako kumakula ka 20 komweko, ndipo malo amene mukuona amachepa kwambiri, n'chifukwa chake mbalame ikangodumphira pa nthambi ina mwaitaya. Nambala yachiwiri, 50, ndi kukula kwa magalasi akutsogolo m'mamilimita. Mukagawa yachiwiri ndi yoyamba mumapeza kukula kwa kadontho ka kuwala kamene kamalowa m'diso. Pa yanu, 50 kugawa ndi 20 ndi mamilimita 2.5, ndipo kumeneku n'kochepa kwa munthu woonera mbalame mbandakucha kapena pansi pa mitengo. Ya 8x42 imapereka mamilimita opitirira pang'ono 5, ya 8x32 imapereka 4. Ziwirizi ndizo timalangiza. Ya 10x42 ndi yabwinonso pa madamu, ngati manja anu ali okhazikika. Pewani za zoom, zija mumatha kusintha mphamvu yake yokulitsira, ndiponso zija magalasi ake akutsogolo amanyezimira mofiira ngati switi: utoto umenewo umasokoneza mitundu, pomwe mtundu wa nthenga ndi umene mukufuna kuona.

Kuwawa kwa mutu kuli ndi magwero awiri. Oyamba ndi kusachuna bainokyula molingana ndi maso anu, poti maso awiri a munthu kawirikawiri salingana mphamvu. Chitani izi. Pindani kapena tambasulani mbali ziwirizo mpaka muone bwalo limodzi lokha, osati awiri. Sankhani chikwangwani cha zilembo pamtunda wa mamita ngati 30. Tsekani galasi lakutsogolo lakumanja ndi chivindikiro chake, maso onse ali otsegula, ndipo pukusani kagudumu kapakati mpaka zilembo ziwale bwino ku diso lakumanzere. Kenako tsekani lakumanzere, kagudumu kapakati musakakhudzenso, koma pukusani kamkombero kamene kali poonera pa diso lakumanja mpaka zilembo ziwalenso. Kumbukirani pamene kamkomberoko kaima. Kuyambira pamenepo muzigwiritsa ntchito kagudumu kapakati kokha. Ngati mumavala magalasi, tsitsani timakapu ta rabala ta poonerapo. Ngati simuvala, tikwezeni, apo ayi muziona mithunzi yakuda m'mbali.

Magwero achiwiri ndi oipa: magalasi a m'kati adasuntha, mwina bainokyula idagwapo kapena idapangidwa mosasamala. Yesani motere. Lozetsani pa waya wa magetsi kapena mzere wa denga, kenako italikitseni pang'onopang'ono kuchoka pa maso, ngati masentimita 10. Mzerewo uyenera kuoneka wopitirira kuchoka mu galasi limodzi kulowa mu linzake. Ukaoneka wokwera mbali imodzi n'kutsika mbali ina, ubongo wanu ndi umene ukuvutika kulumikiza zithunzi ziwirizo, ndiye mutu kuwawa. Pa bainokyula yotchipa, kukonzetsa kumadula kuposa kugula ina. Muziyesa zimenezi musanapereke ndalama.

Popeza mbalame, musayang'ane pansi kufuna bainokyula. Maso akhale pa mbalame pomwepo, chipangizocho ndicho chikwere kudzapeza maso. Popukuta, yambani mwauzira fumbi, kenako kansalu kofewa ka magalasi. Malaya amakanda galasi chifukwa m'fumbi muli timchenga.

FUNSO: Pa damu ndimaona mbalame zakuda zambiri zikusambira. Kwa ine zonse ndi abakha. Ndingazisiyanitse bwanji? (Mphunzitsi wa ku Linden)

YANKHO: Aphunzitsi, funso lanu ndilo chiyambi chenicheni cha ntchitoyi, choncho tikhalapo pang'ono. Lamulo loyamba: musayambe ndi mtundu wa nthenga. Yambani ndi kukula, kenako mlomo, kenako zimene mbalameyo ikuchita. Mtundu ubwere pomaliza, chifukwa umasintha ndi kuwala, msinkhu ndi nyengo, pomwe mlomo sunama.

Yochuluka kwambiri, yakuda thupi lonse, ya mlomo woyera ndi chipumi choyera, ndi red-knobbed coot. Si bakha ayi. Ikatuluka pamtunda muone zala zake: zilibe chikopa cholumikiza ngati za bakha, koma chala chilichonse chili ndi timapiko take m'mbali. Pamwamba pa chipumi ili ndi tinsungwi tiwiri tofiira timene timatupa nthawi yoberekana, ndipo nthawi zina timachepa moti simungationere patali. Ndi yandewu, imathamangitsa zinzake ikupalasa madzi ndi mapazi.

Yocheperako, ya chipumi chofiira ndi mlomo wofiira wa nsonga yachikasu, ndi common moorhen. Ili ndi kamzere koyera m'nthiti, ndipo ikamasambira imagwedeza mutu kutsogolo ndi kumbuyo, kwinaku ikutukula mchira kuonetsa zoyera za kunsi. Siikonda pakati pa damu, imatsata m'mphepete mwa bango.

Kakang'ono kwambiri, kooneka ngati kalibe mchira, kamene mumangoti mwakaona kenako kamira n'kukatulukira pena, ndi little grebe. Ambiri amakayesa mwana wa bakha. Nthawi yoberekana khosi lake limafiira moderako ndipo patsinde pa mlomo pamaoneka kadontho kowala. Kakamira, musalozetse bainokyula pomwe kamirira. Yang'anani damu ndi maso okha, mukapeze pomwe katulukire.

Abakha enieni alipo mitundu iwiri yoti muidziwe msanga. Yellow-billed duck ndi wotuwa moderako, mlomo wake ndi wachikasu kwambiri wokhala ndi banga lakuda pamwamba. African black duck ndi wakuda, wa madontho oyera pamsana ndi mlomo woderako. Ameneyu amakonda madzi oyenda, choncho mufuneni mu Braamfontein Spruit, kawirikawiri awiriawiri, ndipo ndi wamanyazi. Mukaona bakha wa mutu wobiriwira monyezimira ndi mkanda woyera m'khosi, ameneyo ndi mallard, mlendo wochokera kumpoto kwa dziko lapansi. Ku South Africa ali m'gulu la zamoyo zobwera zowononga, chifukwa amakwerana ndi yellow-billed duck n'kubala ana osakanizika, ndipo mtundu wakomweko umasungunuka pang'onopang'ono.

Atsekwe aakulu ofiirira, a banga lofiirira moderako mozungulira diso ndi miyendo ya pinki, ndi Egyptian goose. Simungawaphonye, phokoso lawo lokha likuuzani.

Zatsala ziwiri zimene zimakhala pa chitsa zitatambasula mapiko. Zonse ndi zomira pogwira nsomba, nthenga zake zimalowa madzi, ndiye zimayanika. Reed cormorant ili ndi mlomo waufupi wokhota kunsonga ndi diso lofiira. African darter ili ndi khosi lalitali lowonda ndi mlomo wosongoka ngati mkondo, ndipo ikamasambira thupi lonse limamira, n'kutsala khosi lokha pamwamba pa madzi. Mukadziwa bwino mbalame zisanu ndi zinayi zimenezi, yachilendo ikabwera diso lanu lidzaitola lokha, chifukwa sidzafanana ndi iliyonse ya zimene mudazolowera.

FUNSO: Ndidalowa m'kanyumba kobisalamo, ndidakhala mphindi zisanu, sindidaone kanthu, ndidatuluka. Timagwira ntchito yanji tinyumbati? (Mtsikana wa ku Ferndale)

YANKHO: Achemwali, mudatuluka pamene zinthu zimati ziyambe. Pofika inu mbalame zidakuonani ndi kukumvani, ndipo zimatenga mphindi 10 mpaka 15 kuti ziiwale n'kubwerera ku zochita zawo. Khalani osachepera theka la ola. Tsekani chitseko cha kumbuyo, chifukwa kuwala kukalowera kumeneko mbalame zimaona chithunzithunzi cha mutu wanu chikuyenda pa zenera. Musatulutse dzanja kapena bainokyula kunja kwa zenera, ndipo foni ikhale yosalira.

Poyang'ana tsatani dongosolo. Yambani ndi m'mphepete mwa bango pomwe madzi akumana ndi matope, kuchokera kumanzere kupita kumanja, pang'onopang'ono. Kenako timitengo touma totulukira pamwamba pa madzi, pomwe pamatera malachite kingfisher, kambalame kakang'ono ka msana wa buluu wowala ndi mlomo wofiira. Kenako pakati pa madzi, nsonga za mitengo, pomaliza kumwamba. Mukatha, yambiraninso. Makutu nawo agwire ntchito. Mbalame zing'onozing'ono zikayamba kulira mokalipa zonse pamodzi, kapena njiwa zikabalalika mwadzidzidzi, yang'anani kumwamba msanga: kawirikawiri ndi mphamba. Ku Delta kumapezeka Ovambo sparrowhawk, little sparrowhawk ndi black sparrowhawk, ndipo zimadutsa ngati mphepo.

Zovala zikhale zosawala, zobiriwira moderako, zakhaki kapena zotuwa. Koma chimene chimathamangitsa mbalame koposa ndi kuyenda mwadzidzidzi, osati mtundu wa malaya.

FUNSO: Ana anga amakonda kuponyera abakha buledi wotsala. Mzungu wina adatikalipira. Kodi n'kulakwa kudyetsa mbalame yanjala? (Mayi wa ana atatu, Windsor)

YANKHO: Mayi, kukalipako mwina kudali kosayenera, koma mfundo yake ndi yoona. Buledi amakhutitsa koma alibe zomanga thupi zokwanira. Ana a abakha ndi atsekwe oleredwa ndi zakudya za anthu ena amakula ndi mapiko opindikira kunja, ndipo sauluka moyo wawo wonse. Buledi wotsala amamira n'kuola, ndowe za mbalame zounjikana malo amodzi zimawonjezera manyowa m'madzi, ndere zimachuluka, mpweya wa m'madzi umachepa. M'nyengo yotentha madzi otere ndi amene amabala poizoni wa botulism. Mbalame yodwala matendawa imalephera kuyenda ndi kuuluka, khosi limagwa lende, ndipo ina imamira poti singathe kutukula mutu. Wotsala pamtunda amaitana makoswe, ndipo makoswewo amadya mazira. Mbalame za pa damu si zanjala, zimadya zomera za m'madzi, nkhono ndi tizilombo. Anawo apatseni ntchito ina: awerenge mitundu ya milomo imene akuona, kapena ayese kuwerenga masekondi amene little grebe amatha ali pansi pa madzi.

FUNSO: Mu December bango lidali lodzaza ndi mbalame zofiira ndi atchete achikasu. Mu June ndidapeza timbalame totuwa tokhatokha. Zidasamukira kuti? Ndipo n'chifukwa chiyani pansi pa mtengo pamakhala zisa zogwa zambiri? (Wowerenga wa ku Craighall)

YANKHO: Sizidasamuke. Timbalame totuwato ndi zomwezo. Yaimuna ya southern red bishop imavala zofiira ndi zakuda nthawi yoberekana yokha. Ikatha nyengoyo imathothoka nthenga n'kumera zotuwa zamizeremizere, zofanana ndi za yaikazi, kuti isaonekere kwa adani. Tchete wamwamuna wa mtundu wa southern masked weaver amachitanso chimodzimodzi: chigoba chakuda cha kumaso chimachoka, chikasu chimazilala. Chokuthandizani n'chakuti ambiri aamuna aakulu amasungabe diso lofiira. Dziwaninso kuti tchete ameneyu ali ndi msana wobiriwira wopanda mawanga akuluakulu, kusiyana ndi village weaver, wofala kwambiri ku Malawi, amene msana wake uli ndi mawanga akuda ndi achikasu.

Za zisa, woluka ndi wamwamuna. Amang'amba timizere ta udzu kapena bango wauwisi, amayamba ndi mphete yolendewera kunsonga ya nthambi, kenako chipinda, khomo n'kuloza pansi. Amathothola masamba onse a nthambiyo, ndipo zikuoneka kuti zimenezi zimathandiza kuti chisa chioneke kwa zazikazi ndiponso kuti njoka isabisale. Yaikazi imabwera kudzayendera, ndipo imakonda chisa chauwisi. Chikauma chisanapeze mwini, wamwamunayo amachiphwasula yekha n'kuyamba china pomwepo. Pa nyengo imodzi amaluka zisa zambiri ndipo amakhala ndi akazi angapo. Zimene mukuona pansizo zambiri ndi zokanidwa, si ntchito ya ana osaweruzika.

Mukakhala pafupi ndi zisazi pakati pa October ndi March, mvetserani kulira kokwera, kobwerezabwereza, kwa Diederik cuckoo, mbalame yobiriwira monyezimira kumsana, yoyera kumimba, ya diso lofiira. Imabwera kuchokera kumadera otentha a kumpoto m'Africa momwemuno. Siimanga chisa. Yaikazi imazemba n'kulowa m'chisa cha tchete kapena red bishop, imachotsa dzira limodzi n'kuikira lake. Mwana wake akaswa amachotsa mazira kapena ana a eni chisa, n'kutsala yekha kudyetsedwa. N'chifukwa chake atchete akaiona amaithamangitsa gulu lonse, ndipo chipwirikiti chimenecho ndicho chingakuonetseni pomwe ili.

FUNSO: Tidapeza mwana wa kadzidzi pansi pa mtengo m'pakimo. Anzanga adati ndi tsoka, ena adati timutole. Tidangothawa. Tikadatani? (Bambo wa ku Bordeaux)

YANKHO: Bambo, pothawa paja mudachita zoyenera, ngakhale chifukwa chake chidali china. Kadzidzi wofala m'mizinda ya kumeneko ndi spotted eagle-owl, wa maso achikasu ndi nthenga ziwiri zoimirira pamutu ngati makutu, ndipo ku Delta Park wakhala akuswa kwa zaka zambiri. Amaikira mazira awiri kapena atatu, kawirikawiri pakati pa August ndi October, ndipo yaikazi imawakhalira pafupifupi mwezi umodzi. Ana amatuluka m'chisa ali ndi masabata ngati asanu, asanadziwe kuuluka, ndipo amatha sabata ziwiri kapena kuposerapo akuyenda pansi ndi kukwera timitengo. Makolo amakhala pafupi, amawadyetsa usiku. Womutola n'kupita naye kunyumba wamulanda kwa makolo ake, ndipo akamamudyetsa nyama ya m'butchala yopanda mafupa ndi ubweya, mafupa a mwanayo amakula ofooka.

Muchitepo kanthu pokhapokha ngati ali pamsewu kapena pomwe pali agalu. Mufunditseni thaulo, samalani zikhadabo, mumuike pa nthambi yotsika kapena m'chitsamba pafupi pomwepo. Zoti makolo amakana mwana wogwiridwa ndi munthu n'zabodza. Ngati akutuluka magazi kapena phiko likulendewera, muikeni m'katoni yoboola timabowo, pamalo a mdima, osam'patsa madzi kapena chakudya, ndipo mupite naye ku chipatala cha nyama zakuthengo.

Za tsokazo, tonse tidakula tikumva kuti kadzidzi akalira padenga ndiye kuti kuli maliro. Chomwe chimamubweretsa padenga ndi makoswe ndi tizilombo tobwera ku magetsi. Tsoka lenileni limagwera iye: khoswe wodya mankhwala safa pomwepo, amayenda mofooka masiku angapo, kadzidzi amamugwira mosavuta, ndipo poizoni uja amamupha nayenso potaya magazi m'kati.

FUNSO: Nkhanga zili mbwee m'pakimo ndipo zilibe mwini. Kodi munthu sangatchereko imodzi ya ndiwo? (Sadatchule kumene akukhala)

YANKHO: Ayi, achimwene. Malamulo a mzinda okhudza mapaki amaletsa kugwira, kutchera kapena kupha nyama ndi mbalame, kutola mazira ngakhale kuphwasula zisa. Msampha, ulimbo ndi legeni zisiyeni. Kwa munthu wokhala m'dziko la eni, mlandu wotere ungakuwonongereni zambiri kuposa mtengo wa nkhuku.

FUNSO: Kodi n'kotetezeka kuyenda ndekha ndi bainokyula ndi foni? (Mayi wa ku Parkhurst)

YANKHO: Musayende nokha m'malo obisika, makamaka m'mbali mwa mtsinje, chifukwa anthu adalandidwapo katundu m'njira zimenezo. Khalani awiri kapena atatu, ndipo musachedwe mpaka mdima. Njira yabwino ndi kulowa gulu: Witwatersrand Bird Club ndi magulu ena ogwirizana ndi BirdLife South Africa amakonza maulendo oonera mbalame ndipo amalandira ongoyamba. Kuyenda m'mawa umodzi ndi munthu wodziwa kulira kwa mbalame kumaphunzitsa zimene buku lingakutengereni miyezi. Madzi a mumtsinje ndi m'madamu musamwe kapena kusukusula, poti mapaipi a zonyansa akaphulika kumtunda zimatsikira momwemo. Mukadutsa mu udzu wautali m'chilimwe, dzifufuzeni nkhupakupa pofika kunyumba.

FUNSO: Ndikufuna ndizilemba zimene ndaona. Ndigwiritse ntchito buku kapena foni? Ndipo buku la kuno lidzandithandiza ndikabwerera kumudzi ku Mzimba? (Wophunzira wa ku Braamfontein)

YANKHO: Yambani ndi kope laling'ono ndi pensulo. Lembani tsiku, ola, malo, nyengo, ndipo pa mbalame yosadziwika lembani zimene mukuona isanauluke: kukula kwake poyerekeza ndi pumbwa kapena njiwa, mlomo, miyendo, mchira, pomwe yatera, zimene ikuchita. Buku mutsegule pambuyo. Wotsegula buku mbalame ikadali pamtengo amataya mbalameyo, kenako amayamba kukumbukira zimene zili pa chithunzi m'malo mwa zimene adaona.

Pa foni, mapulogalamu a Merlin ndi eBird (yolemberamo mbalame zimene mwaona) a Cornell Lab of Ornithology ndi aulere. Merlin imathandiza kuzindikira mbalame kuchokera pa chithunzi, ndipo chithunzicho mutha kujambula pogunditsa kamera ya foni poonera pa bainokyula. Mbali yake yomvera kulira imalakwitsa kawirikawiri pa mbalame za ku Africa, choncho dzina limene yakupatsani mulitsimikize ndi maso. Musamaseweretse kulira kwa mbalame pa sipika kuti zibwere. Yaimuna imayesa kuti kwabwera mdani, imasiya kudyetsa ana n'kumalimbana ndi foni, ndipo pamalo odzaza anthu ngati Delta mbalame imodzi ingavutitsidwe kangapo pa tsiku.

Mukafika pozindikira mbalame molimba mtima, zolemba zanu zingalowe mu kafukufuku wa SABAP2, wolemba pa mapu kumene mbalame za kumwera kwa Africa zimapezeka, amene adayamba mu 2007. Mapu adagawidwa m'timabokosi totchedwa pentad, kalikonse ka pafupifupi makilomita 9 m'litali ndi 8 m'lifupi. Khadi lathunthu, ndiye kuti mndandanda wa mbalame zimene mwaona, limafuna maola osachepera awiri ofufuza m'kabokosi kamodzi, m'kati mwa masiku osapitirira asanu, ndipo mbalame zimalembedwa motsata ndondomeko imene mwazionera. Ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa foni ya BirdLasser polemba. Lamulo lake ndi limodzi: imene mukukayika musailembe.

Mukapeza mbalame yakufa ili ndi kamphete kachitsulo kumwendo, lembani nambala yonse, tsiku ndi malo, n'kutumiza ku SAFRING, nthambi yosunga zolemba za timphete ta mbalame, ya ku University of Cape Town. Timphete timeneti ndi timene tidaulula ulendo wa namzeze wa ku Ulaya, barn swallow, amene mumamuona akuuluka pamwamba pa madamu kuyambira October mpaka April. Wina amene adavekedwa mphete ku Staffordshire ku England mu 1911 adapezeka ku Natal, ku South Africa, mu December 1912.

Za buku, samalani. Mabuku otchuka a ku South Africa, monga a Sasol ndi Roberts, amalekezera pa mitsinje ya Zambezi ndi Kunene. Malawi ali kumpoto kwa malire amenewo. Mbalame zambiri za m'madamu ndi zofanana, moti red-knobbed coot, little grebe, nantchengwa ndi akakowa mudzazipeza momwemo, koma za m'nkhalango za miombo za ku Mzimba ndi za m'mapiri a Viphya ndi Nyika zina mulibemo. Pogula, onani mapu a m'masamba oyamba, ndipo musankhe buku limene likuphatikiza Africa yense wa kumwera kwa Sahara.